Mbewu ya ku lar isalowe m'dimba

Lachinayi

[06:14] Valentim: mana Carolina, achemwali, ndakuimbirani kawiri

[06:14] Valentim: thumba la mbatata ya kachewere ndinatumiza pa minibasi ya chapa sabata yatha lija, amayi abzala kale?

[06:23] Valentim: mana pfv, chonde

[06:40] Carolina: iwe Vale ndili pa msika pa Domwe ndikuyala tomato. moni anakuletsani kusukulu kwanu ku faculdade?

[06:40] Valentim: pepani. mwadzuka bwanji

[06:41] Carolina: tadzuka. akubzala lero. aitana azimayi a mphakati kt awathandize, thobwa anaphika dzulo. bwnj?

[06:41] Valentim: asabzale

[06:42] Valentim: mana asabzale ngakhale imodzi. mbewu ija ili ndi matenda a getsi

[06:44] Carolina: kkkk getsi lanji. ndinaiona ndekha, yosalala ngati mazira, yamera bwinobwino. amayi aionetsa mudzi wonse kt mwana wanga wandibwezera mbewu ya ku faculdade

[06:49] Valentim: ndifotokoze bwino. kuno ku lar komwe timagona tili ndi núcleo, kagulu ka ana a sukulu. tinagwirizana kuti zotsala za chakudya ku cozinha zisamatayidwe kuseri kwa mpanda, tizipangira manyowa, ndipo madzi osambira azithirira kamunda kathu. amayi anatipatsa mbewu yawo mu Março kuti tiyambire. titakolola, theka tinabzalanso kuno mwezi watha. theka linalo ndi lomwe ndawatumizira

[06:50] Valentim: ya kuno ikufota. dzulo mizere itatu, lero isanu ndi umodzi. masamba akadali obiriwira koma agwa ngati awathira madzi otentha

[06:52] Carolina: si dzuwa? kwatentha masiku ano

[06:53] Valentim: [chithunzi: kopo ya galasi yodzaza madzi, mkati muli tsinde lodula]

[06:53] Valentim: onani timaulusi toyera tikutsika kuchokera pa tsindepo, ngati mkaka. achita zimenezi ndi mana Estele, amene amatsogolera núcleo. ali chaka chachitatu. ndikutumizirani zomwe andilembera

[06:54] Valentim: [wochokera kwa Estele] Ndi getsi, palibe kukayika. Linabwera ndi makoko a mbatata ya kumsika omwe tinkathira pa mulu wa manyowa. Muluwo sunatenthe chifukwa nthawi ya mayeso, ya ma prova, palibe ankautembenuza. Mbewu yonse ya munda uja ndi yokayikitsa, ngakhale yooneka bwino. Likalowa m'nthaka limakhala zaka, ndipo limayenda ndi madzi. Uza kwanu msanga.

[06:58] Carolina: zaka zingati

[06:58] Valentim: akuti zinayi, zisanu, mwina kuposa. mbatata, tomato, zonse sizingachitenso

[06:59] Carolina: Vale dimba limenelo ndi lokhalo lili ndi madzi chaka chonse. tomato ndikuyala panoyu ndi wa momwemo

[06:59] Valentim: ndikudziwa

[07:00] Valentim: ndaimbira foni ya a Gracinda oyandikana nafe aja, siikulowa

[07:01] Carolina: atsikira limodzi kudimba, kulibe rede kumene kuja. anati ayamba mame akauma

[07:01] Carolina: ndisiye tomato ndi ndani tsopano

[07:02] Valentim: mana ndikupempha

[07:09] Carolina: ndasiyira mnzanga wa kabichi. ndikufuna mota, njinga yamoto ndiye yachangu. iwe ukadzabwera udzandiona

[07:10] Valentim: nanenso ndikubwera. ndikupita kokwerera chapa

[07:10] Carolina: ulibe aula? sukulu lero kulibe?

[07:11] Valentim: prova ya química 9 koloko

[07:11] Carolina: kalembe prova iwe. usawonjezere zina

[07:38] Valentim: ndili mu chapa kale. muli ine ndi bambo wina wanyamula matayala awiri a njinga. cobrador akuti tinyamuka ikadzaza

[07:55] Valentim: mwapeza mota?

[08:20] Valentim: tili anayi

[08:41] Valentim: mana mwafika?

[08:58] Valentim: anzanga akulowa mu sala yolembera mayeso pano. ndikuona mutu wa prova m'maso koma sindikukumbuka chilichonse. mwafika?

[09:12] Carolina: ndafika, mota ndaipeza mochedwa. rede ili pa chulu chokha pamwamba pa dimba, ndiye ndizichita kukwera. usandifunse mafunso ambiri

[09:12] Carolina: abzala mizere inayi

[09:12] Valentim: athirira?

[09:13] Carolina: ayi

[09:13] Valentim: asathire madzi. aimitseni mana. inayi tikhoza kufukula

[09:26] Carolina: akana

[09:27] Carolina: ndawauza zonse. ati getsi amalidziwa kuyambira iwe usanabadwe, mbatata ya getsi imanunkha, iyi siikununkha. ndawaonetsa chithunzi cha kopo ati amenewo ndi madzi a sopo

[09:28] Carolina: a Gracinda akuseka. ati ana a sukuluwa, nyansi za ku cozinha ndi madzi osambira ndiye maphunzirowo? ati mwina mwana wanu wasintha maganizo akuifuna akazinge chipisi

[09:29] Valentim: dulani imodzi muone mkati. mumakhala mzere wofiirira kuzungulira

[09:41] Carolina: ndadula zitatu. zoyera mbee zonse

[09:41] Carolina: amayi andilanda mpeni. ati ndikuwononga mbewu pamaso pa alendo

[09:42] Carolina: Vale ukutsimikiza? chifukwa ine ndaima pano ngati wamisala, azimayi asanu ndi awiri akundiyang'ana

[09:42] Valentim: dikirani ndifunse

[09:47] Valentim: [wochokera kwa Estele] Sizionekera zonse. Kukamazizira matendawa amabisala, mbatata imaoneka yabwino mpaka kutenthe. Asankhe zomwe dothi lamatirira m'maso mwake, adule cha kumchombo, afinye. Ngakhale atapeza imodzi pa makumi awiri, thumba lonse ndi loipa. Ine ndikupita ku direcção kukanena kwa akuluakulu a sukulu, munda wa kuno tiutseka.

[09:48] Valentim: mana yesani choncho

[10:03] Carolina: ndiyese bwnj. akhalira thumba. azimayi akutapa m'mabeseni omwe anathira kale

[10:03] Carolina: mizere isanu ndi umodzi tsopano

[10:04] Valentim: Mulungu wanga

[10:05] Carolina: ati ngati ndi zoona unene wekha. ati mwana wawo ali ndi pakamwa, asamawalembere makalata ngati boma pomwe akudziwa kt iwo sawerenga

[10:05] Carolina: kuimba sikutheka, ikuduka. tumiza mawu ndikawamvetsere

[10:06] Valentim: muli anthu mu chapa mana

[10:06] Carolina: ndiye?

[10:08] Valentim: [mawu 0:04]

[10:09] Carolina: ndamva kupuma kwako ndi hutala basi

[10:09] Valentim: mawu sakutuluka

[10:10] Carolina: Valentim. ndasiya katundu wanga pa msika, ndakwera mota ya munthu woledzera, ndakwera chulu ichi kasanu. iwe ukulephera kutsegula pakamwa?

[10:15] Valentim: pali china sindinanene

[10:19] Valentim: mu Maio, mbatata yoyamba ija isanakhwime, ndinaona mapesi atatu ofota kumapeto kwa munda, pomwe madzi a pa mulu wa manyowa amatsikira. ndinali ndekha, inali nthawi yanga yothirira. ndinazula limodzi, mbatata yake inali ndi dothi lomata m'maso. ndinaganiza za getsi pomwepo. koma mawa lake kunkabwera alendo kudzaona munda, mana Estele ndi anzawo anali atalemba kale zikwangwani. pa msonkhano wa núcleo ndinakweza dzanja pang'ono, wina anayamba kulankhula, ndinalitsitsa. ndine wa chaka choyamba, onse aja amadziwa mayina a matenda m'Chilatini. ndinazula atatu onse ndi kukataya m'dzenje. ena sanafote, ndiye ndinadziuza kuti inali mbozi

[10:20] Valentim: posankha ya amayi ndinatenga yokongola yokhayokha. ndinkaganiza kuti ndikasankha bwino ndiye kuti zatha

[10:24] Valentim: mana

[10:29] Valentim: mwawerenga, ndikuona

[10:31] Carolina: miyezi inayi uli chete

[10:31] Valentim: inde

[10:32] Carolina: a Estele akowo akudziwa?

[10:32] Valentim: ndawalembera pompano. sanayankhe

[10:33] Carolina: ine sindikawauza amayi zimenezi. si zanga. tsika mu chapamo upite kuseri kwa chinachake unene momwe wandilemberamu

[10:33] Carolina: ndikudikira pa chulu. pansipa akuyamba mzere wachisanu ndi chitatu

[10:41] Valentim: [mawu 1:12] Amayi, ndine Vale. Mwaswera bwanji. Amayi... mbewu imeneyo musabzale. Si mana Carolina akunama, ndine ndinalakwa. Mbewu yanu munandipatsa inali yabwino, ife ndi amene tinaidwalitsa ndi manyowa athu. Ndinaona mapesi atatu ofota mu Maio, dothi litamata m'maso, monga munandionetsera kale m'munda wa amalume. Ndinadziwa, amayi. Ndinachita mantha kunena, ndinakataya m'dzenje osauza munthu. Kenako ndinakutumizirani. Ya kuno yonse ikufa, ndaiona ndi maso anga m'mawa uno. Mukandikalipira ndikubwera, mundikalipire ndili pompo. Koma chonde imitsani azimayiwo. Musathire madzi. Ndi zomwezo, amayi.

[10:42] Carolina: ndatsika nayo

[10:58] Valentim: amva?

[11:07] Valentim: chapa yadzaza, tikunyamuka. ndakhala pa mpando wa pakhomo, bondo langa lili pa thumba la ufa la munthu

[11:20] Valentim: mana amva?

[11:34] Carolina: amvera kawiri. kachiwiri anachoka pa anthu, anakaima ku nthochi foni ili pakhutu

[11:35] Carolina: atabwera andibwezera foni. akhuthula thumba lonse pa chitenje, ayamba kusankha okha. anatenga nthawi. kenako apeza kamodzi kakang'ono, adula cha kumchombo, afinya ndi zala ziwiri

[11:35] Carolina: [chithunzi: mbatata yodula pakati, timadontho toyera m'mphepete]

[11:36] Carolina: mafinya Vale

[11:36] Carolina: a Gracinda asiya kuseka. anapukuta manja pa chitenje kenako anayang'ana chitenjecho

[11:37] Valentim: yafika mizere ingati

[11:37] Carolina: isanu ndi inayi

[11:40] Valentim: mufukule ndi manja, iliyonse ndi dothi lake loizungulira, muike m'matumba. osataya mumtsinje kapena m'ngalande. makasu onse atsukidwe kutali ndi madzi oyenda, awambidwe pamoto. a azimayiwonso, asapite nawo m'madimba mwawo choncho. mapazinso

[11:41] Carolina: amayi ayamba kale kufukula. sanadikire faculdade

[11:42] Valentim: anena chiyani za ine

[11:42] Carolina: palibe

[11:43] Valentim: palibe?

[11:43] Carolina: afunsa ngati wadya. ndati sindikudziwa. ndatsika

[12:15] Valentim: mana Estele ayankha. alemba kuti tikambirana ukabwera. basi

[12:31] Valentim: taima, akutsitsa matayala aja

[12:50] Carolina: yatsala mizere itatu. azimayi anayi apita, ati ana akuweruka ku sukulu. thobwa palibe wamwa. a Gracinda atsala, akufukula kuposa tonse, akuwerenga mayenje kt tisasiye ngakhale imodzi

[12:51] Valentim: muwathokoze

[12:51] Carolina: udzawathokoza wekha

[13:04] Carolina: Vale uli pati

[13:04] Carolina: Vale

[13:05] Valentim: tikulowa pa Domwe

[13:06] Carolina: amayi angokumbuka. thumba litafika anapatsako a Basilio beseni limodzi. aja a dimba la kumtunda kwathu. anachita kudzapempha okha atamva kt ndi ya ku faculdade

[13:06] Valentim: ayi

[13:07] Carolina: anabzala Lolemba. sanathirire, amadikira tsiku lawo la ngalande. tsiku lawo ndi lero, 14 horas

[13:07] Carolina: ukudziwa madzi awo akadutsa m'mizere mwawo amatsikira kuti

[13:08] Valentim: tsekani ngalande yathu ndi dothi

[13:09] Carolina: a Gracinda ayesa kale. amayi ati ngakhale titseke amadutsa pansi pa udzu wa m'malire, dimba lathu lili m'munsi. chaka chilichonse mizere yakumtunda imanyowa yokha a Basilio akathirira

[13:09] Valentim: thamangani mukawauze

[13:11] Carolina: kunyumba kwawo ndatumako mwana, kulibe, anapita ku chigayo. abwerera kudimba komweko. ine kukwera phiri lija ndi mwendo wanga wopwetekawu ndikafika madzi atadutsa. ndiponso a Basilio ukuwadziwa, za mkazi samva. andifunsa kt mwaphunzira kuti inu

[13:11] Carolina: iwe ukatsika mota pa mlatho wa matabwa, njira ya kumtunda ikufikitsa pa ngalande yawo ndendende

[13:12] Valentim: mana a Basilio sindinawalankhulepo chibadwire. ndikawaona panjira ndinkalowa m'chimanga

[13:12] Carolina: chimanga anakolola

[13:13] Valentim: apite amayi

[13:14] Carolina: amayi agwada m'dothi kuyambira 11, bondo latupa. ndawafunsa. ati apite mwini mbewu

[13:22] Valentim: ndakwera mota

[13:40] Valentim: ndatsika pa mlatho. ndikuthamanga

[13:41] Carolina: tamaliza kufukula. matumba anayi, tawaika pa mwala

[13:49] Valentim: ndikanena chiyani. anabzala beseni lonse, ndikawauze kuti afukule zonse ndiponso asathire madzi sabata ino, kabichi wawo ali pomwepo akufuna madzi

[13:50] Carolina: zomwe wauza amayi

[13:50] Valentim: zonse? za Maio?

[13:50] Carolina: akapanda kumva zinazo, inde

[13:54] Valentim: ndawaona

[13:54] Valentim: aima pa ngalande, njinga aimika pa mtengo wa pichesi, ufa ukadali pa kaliyala. khasu lili paphewa. akuyang'ana dzuwa

[13:55] Valentim: sanatsegule

[13:55] Valentim: ndaima kuseri kwa chitsamba mana

[13:55] Carolina: tuluka pamenepo upite

[13:56] Valentim: atsitsa khasu

[13:56] Valentim: ndapita

[14:03] Carolina: Vale?

[14:11] Carolina: wawapeza? tikumva mawu kumtunda koma sitikumva zomwe akunena. akuluakuluwo ndi a Basilio

[14:12] Carolina: a Gracinda ati amvanso ena aang'ono. ine sindikumva

[14:26] Carolina: ngalande ikadali youma

[14:40] Carolina: iwe yankha ngakhale kadontho

[14:58] Carolina: kumtunda kwakhala zii. a Gracinda akuti akwere akaone, amayi awaletsa

[15:21] Carolina: karga ya foni yatsala pang'ono. ndatsika kukaona, ndakweranso. udzu wa m'malire ndaugwira ndi dzanja, ndi wouma

[15:22] Carolina: amayi akhala pa mzere woyamba, miyendo atambasula. akuyang'ana kumtunda

[15:47] Carolina: ngalande youma, madzi sanatsike